Mbiri ya Luchenza ndi midzi yozungulira: Mafunso ndi mayankho

Ana a kuno amene anakhazikika ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni akabwera kumudzi pa maliro kapena pa Khirisimasi, mafunso awo sasiyana kwenikweni. Bwanji munda wa agogo ndi kachigamba chabe, pomwe tsidya la msewu tiyi wangoti mbee mpaka kuphiri? Bwanji agogo amayankhula Chilhomwe koma ife sitichimva? Pano tayankha ena mwa mafunsowo. Tikukamba za Luchenza pamodzi ndi midzi ya Thyolo ndi Mulanje imene imagulitsa nandolo ndi kugula mchere pa tauniyi, chifukwa mbiri yawo ndi imodzi.

Kodi Luchenza ili ku Thyolo kapena ku Mulanje?

Ili m'malire. M'mabuku a boma imawerengedwa ku Thyolo ndipo ili ndi khonsolo yakeyake, koma mukangotuluka pang'ono pa msewu wa M2 kulowera ku Chonde mwalowa kale m'boma la Mulanje. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 12,000 m'tauniyi. Amene mukufufuza m'mapepala akale dziwani kuti atsamunda ankalemba Cholo ndi Mlanje, komanso kuti Phalombe inali mbali ya Mulanje mpaka 1998.

Chinayambitsa tauni pamalo pano n'chiyani?

Njanji. Kampani ya Shire Highlands Railway inamanga njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, kudzera ku Chiromo, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Pokwera kuchoka kuchigwa inatsata mtsinje wa Ruo, kenaka Thuchila ndi Luchenza, ndiye siteshoni ya pano inakhala yoyandikira kwambiri kwa azungu olima tiyi ku Mulanje. Mabokosi a tiyi ankabwera pa ngolo za ng'ombe, pambuyo pake pa malole, n'kukwezedwa m'sitima. Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, katundu ankatha kupita mpaka ku doko la Beira osatsitsidwa panjira.

Njanji isanabwere katundu yense ankayenda pamutu pa amtengatenga. Itabwera, pa siteshoni panafunika nyumba zosungira katundu, onyamula, alonda, ophika. Amwenye anatsegula masitolo. Amayi a m'midzi anayamba kudikira sitima ndi malichero a nthochi, chinangwa chophika ndi nzimbe, kugulitsa kudzera pa mawindo. Msika unabadwa motero, popanda wina kuukonza.

Maesiteti asanabwere kunkakhala ndani?

Amang'anja ndiwo eni nthaka akale, alimi a mapira, thonje ndi osula makasu. Cha m'ma 1860 Ayao anayamba kulowa kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo mafumu monga Chikumbu, Matipwiri ndi Mkanda anakhazikika mozungulira phiri la Mulanje. Inali nthawi ya malonda a akapolo ndi nkhondo, moti anthu ambiri anathawira m'mapiri, madambo n'kutsala apululu. Apa m'pamene azungu anapezerapo mwayi. Anagula malo aakulu kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Mfumu inkaganiza kuti yapatsa mlendo poti alime. Mzungu ankati wagula nthaka, mitengo ndi mitsinje yomwe, mpaka kalekale.

Nanga Alhomwe anabwera liti?

Ena analipo kale kum'mawa kwa phiri, koma unyinji unayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo anapitiriza kubwera kwa zaka makumi angapo. Ankathawa msonkho wa Apwitikizi, ntchito yokakamiza, zikwapu ndi njala. Ankabwera mabanja athunthu, mtsogoleri patsogolo, mbumba yake pambuyo, atasenza mbewu ndi miphika.

Atafika anapeza malo abwino ali kale m'manja mwa azungu, ndipo azunguwo anali ndi nthaka yambiri koma opanda antchito. Mwini esiteti ankalola gululo kumanga ndi kulima pamalo pake, mtsogoleri wawo n'kumuika kukhala nyakwawa, malinga anthu ake azigwira ntchito. Ichi n'chifukwa chake midzi yambiri ya kuno ili ndi dzina la munthu amene anatsogolera ulendowo, ndipo ufumu wake suposa mibadwo inayi kapena isanu. Obwerawa analibe kothawira, choncho ntchito imene Amang'anja ndi Ayao ankaikana, iwo ankaigwira. Ndinene mosabisa: tiyi wa Thyolo ndi Mulanje anakula ndi thukuta la Alhomwe.

Thangata ankayenda bwanji kwenikweni?

Munthu wokhala pa malo a mzungu ankalipira lendi ndi thupi lake. Pa pepala inali ntchito ya mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, chifukwa boma la atsamunda linkachepetsa msonkho kwa amene wagwirira ntchito mzungu. Koma mwezi wa pa esiteti sunkawerengedwa ndi kalendala. Munthu ankapatsidwa tikiti, ndipo kapitawo ankachonga tsiku pokhapokha mgwazo ukatha. Mgwazo ukakhala waukulu, kapena kapitawo akakhala kuti wadzuka nawo, tsikulo linkapita pachabe. Miyezi iwiri inkatha kufika inayi kapena isanu.

Chopweteka koposa chinali nyengo yake. Ntchito ya pa esiteti imachuluka mvula ikagwa, nthawi yomweyo yobzala ndi kupalira kumunda kwako. Bambo akakhala ku thangata, khasu lonse linkagwera mayi ndi ana, ndipo chaka chotsatira nkhokwe inkaoneka. Wokana ankathamangitsidwa, nyumba kugwetsedwa, mbewu kuzulidwa. Kudula mtengo womangira nyumba kunkafuna chilolezo. Mnyamata wochokera kwina akafuna kulowa chikamwini m'mudzi wa pa esiteti, nayenso ankalembedwa m'kaundula wa thangata.

Mkwiyo umenewu ndi umodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915 ku Chiradzulu ndi Magomero, ndipo ambiri mwa omutsatira anali Alhomwe a m'maesiteti. Lamulo la 1928 linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama kapena kugulitsa mbewu kwa mwini malo m'malo mogwira ntchito, koma linapatsanso eni maesiteti mphamvu yochotsa gawo la anthu awo pa zaka zisanu zilizonse. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961.

Tiyi anayamba liti, ndipo bwanji kunokuno?

Mbewu yoyamba imene azungu anaikapo mtima inali khofi. Anawakanika chifukwa cha matenda, tizilombo ndi kugwa kwa mitengo. Tiyi anachokera pa tchire zochepa za pa mishoni ya Blantyre, ndipo Henry Brown anabzala ku Thornwood ku Mulanje mu 1891. Ulimi wa tiyi wogulitsa kuno ndi wakale kuposa wa ku Kenya. Ku Thyolo unafika mochedwerapo ndipo unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923 ndi Maclean Kay.

Tiyi amafuna mvula yambiri, dothi lofiira lakuya ndi chinyontho cha nthawi yozizira. Chiperoni chimene timadandaula nacho mu Juni ndi Julayi, zovala zosauma sabata yonse, n'chimene chimasunga tiyi kuti asafe mvula ikatha. Kwa nthawi yaitali munthu wakuda sankalima tiyi wakewake. Alimi ang'onoang'ono anayamba dziko litalandira ufulu, makamaka bungwe la Smallholder Tea Authority litakhazikitsidwa mu 1967.

Tsiku la wothyola tiyi linkakhala lotani?

Silinasinthe kwambiri. Anthu amadzuka kukadali mdima, ena kuchokera m'makomboni, ena wapansi kuchokera kumidzi. Dengu kumsana, pulasitiki kapena chiguduli m'chiuno chifukwa mame a m'tiyi amanyowetsa mpaka m'mafupa ndipo nthambi zimang'amba zovala. Wothyola amatenga masamba awiri ndi nsonga, manja onse awiri akugwira ntchito, akadzaza chikhatho n'kuponya kumsana osacheuka. Kapitawo amayendera kuona ngati m'dengu mulibe masamba okhwima. Kenaka mzere wa pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu. Pa sikelo m'pamene mikangano yambiri ya pa esiteti inkayambira, ndipo akuluakulu amakumbukirabe makalaliki ena ndi maina awo achipongwe.

Masambawo amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, komwe amafotetsedwa, kudulidwa, kusiyidwa kuti asanduke mtundu, kuumitsidwa ndi kusefedwa m'magiredi asanapite ku okushoni ku Limbe. Kale antchito ankalandiranso phoso: ufa, nyemba ndi mchere. Ntchito imachuluka kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Ikafika nyengo yachilimwe ambiri amaimitsidwa, kutsala odulira ndi olambula. Ogulitsa m'misika ya kuno amadziwa bwino kalendala imeneyi: malonda a kaunjika ndi usipa amayenda malinga ndi tsiku la malipiro ku esiteti.

Kodi n'zoona kuti zipolowe za 1953 zinayambira pa malalanje?

Inde, koma malalanjewo anangokhala poyatsira. Mu Ogasiti 1953, pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, anthu ena anagwidwa powaganizira kuti aba malalanje, ndipo mphekesera inafala yoti azungu awapha. Khamu linasonkhana, apolisi anabwera, ndipo m'masiku ochepa chipwirikiti chinafalikira m'boma lonse la Thyolo ndi maboma oyandikana nalo. Anthu anagwetsa mitengo m'misewu, kudula mawaya a telefoni ndi kusiya ntchito. Pamapeto pake anthu 11 anaphedwa ndipo oposa 70 anavulala.

Udzu unali utauma kale. Lendi ya pa maesiteti inali itakwezedwa kuposa kawiri, kampani ya British Central Africa inkafuna kuchotsa mabanja, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitangoyamba anthu asakufuna, komanso kunali malimidwe. Awa anali malamulo okakamiza anthu kusiya matutu n'kumaunda mizere yopingasa ndi migula. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Mizere yopingasayo ndi yomwe tonse timalima lero popanda wotiopseza. Chimene anthu ankadana nacho chinali chikwapu chobwera nayo.

Ufulu unabwera mu 1964. Bwanji malo sanabwerere kwa anthu?

Ena anabwerera. Kafukufuku wa Sidney Abrahams wa 1946 analangiza boma kugula malo a maesiteti amene sankalimidwa, ndipo boma linagula ambiri, makamaka pambuyo pa 1953. Midzi yambiri imene lero ili pa malo a mafumu inali ya pa esiteti. Koma malo a tiyi enieniwo sanakhudzidwe. Boma la Kamuzu linkafuna ndalama zakunja za tiyi, ndipo maboma otsatira sanasinthe maganizo.

Anthu nawo achuluka. Thyolo ndi Mulanje ali m'gulu la maboma othinana kwambiri m'Malawi muno. Kuno munda umatsata mzere wa akazi: mayi amagawira ana ake aakazi, mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini. Munda umene agogo anapatsidwa ndi nyakwawa wadulidwa katatu kapena kanayi, ndiye mdzukulu watsala ndi mizere yowerengeka. Milandu yambiri pabwalo la amfumu ndi ya malire, nthawi zina mzere umodzi wokha.

Kuyambira 2004 pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi. Ena anakhazikika bwino, ena anabwerera atalephera kuzolowera kutentha ndi kutalika kwa zipatala ndi mijigo. Nkhani ya malo siinathe, ndipo nthawi ndi nthawi mumamva kuti anthu alowerera malo a esiteti.

Bwanji kuno timadya chinangwa ndi nandolo kwambiri?

Munda ukachepa, umabzala zonse pamodzi. Pa mzere umodzi pali chimanga, nandolo, nyemba, maungu, m'mphepete chinangwa ndi mbatata. Nandolo amakhwima chimanga chitakololedwa kale, amapereka ndiwo, nkhuni ndi kandalama, komanso amabwezera chonde m'nthaka. Chinangwa chimadikira m'dothi mpaka tsiku lovuta. Amayi amachisenda, kuchiyanika padenga kapena pathanthwe mpaka chisanduke makaka, n'kusunga m'matumba. Njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo chakumwera mvula itadula, inaphunzitsa anthu kuti khomo lopanda chinangwa lili pangozi.

Kalongonda, mtundu wina wa nyemba, ndiye wodziwika ndi Alhomwe. Amafuna kuleza mtima ndi nkhuni zambiri, chifukwa amaphikidwa nthawi yaitali uku mukutaya madzi kangapo. Wofupikitsa njira amaledzera naye mpaka kudwala. Nandolo anasanduka mbewu ya ndalama chifukwa cha msika wa ku India, ndipo dzikolo litachepetsa kugula mu 2017 mtengo unagwa moti alimi ena anangomusiya nandoloyo m'matumba.

Nthochi za Thyolo zinapita kuti?

Zinatha ndi chisaka. Matendawa amafala ndi nsabwe za m'nthochi komanso pobzala mphukira zodwala. Masamba amapanikizana pamwamba, mtengo n'kupinimbira osabereka, ndipo mankhwala ake kulibe. Kale malole ankatuluka ku Thekerani, Masambanjati ndi Molere atadzaza mikoko kupita ku Limbe ndi Lilongwe, ndipo ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama ya nthochi. Alangizi atauza anthu kuti azule zonse, ngakhale zooneka zabwino, ambiri anakana, ndipo sindiwaimba mlandu: kuzula phata la nthochi ndi ntchito yoswa msana, ndipo mbewu yatsopano inkachedwa. Koma wina akazula mnzake osazula, matenda amabwerera. Lero nthochi zambiri za m'misika ya m'tauni zimachokera ku Tanzania ndi Mozambique, ngakhale alimi ena ayambanso ndi mbewu yoyera.

Masitolo akale a makonde aja anali a ndani?

Ambiri anali a amwenye. Ankagulitsa nsalu, mchere, sopo, palafini, makasu ndi zida za njinga, ndipo pakhonde pankakhala telala ndi makina ake. Munthu ankagula nsalu mkati, n'kutuluka kukayezetsa pakhonde pomwepo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amwenye kuchoka m'madera akumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Masitolo ena anatengedwa ndi Amalawi, ena anangotsekedwa mpaka denga kugwa. Ndi nthawi yomweyo imene kwacha inalowa m'malo mwa paundi ndipo ADMARC inayamba, zonsezi mu 1971.

Nanga sitima ija?

Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kenaka mu 1997 madzi anakokolola njanji ku Chiromo, Nsanje n'kudukiratu. Tiyi anasamukira pa malole, anthu pa maminibasi, ndipo mtima wa tauni unachoka pa siteshoni n'kupita pa msewu. Nkhondo yomweyo inabweretsa othawa kwawo ambirimbiri m'malire a Mulanje ndi Thyolo. Ambiri anafikira kwa abale awo enieni, ndipo mtendere utabwera mu 1992 ena anabwerera, ena anali atakwatira kale kuno.

Bwanji m'mabanja ambiri muli agogo aamuna amene "anapita ku Wenela"?

Malipiro a m'migodi ya South Africa ndi m'mafamu a Rhodesia ankaposa a pa esiteti. Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodiyo. Obwerako ankafika ndi njinga, wailesi, sutikesi ndi ndalama ya malata. Ena anatchona, osalembanso ngakhale kalata. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula antchito inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu. Ulendowu unayambanso pang'ono pansi pa TEBA, dzina latsopano la Wenela, mpaka unatha mu 1988. Anyamata a lero opita ku Joni pa basi akutsata njira ya agogo awo, kungoti tsopano palibe kontirakiti.

Chilhomwe chinazilala bwanji?

Obwera aja ankanyozedwa ndi dzina loti Anguru, ndipo ambiri anaona kuti kuyankhula chinenero chawo pagulu kukuwaika pansi. Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 ndipo anamenyera nkhondo kuti boma lisiye dzinalo. Koma kusukulu, kutchalitchi ndi pa esiteti ponse pankamveka Chinyanja, ndipo kuyambira 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko. Makolo ankayankhula Chilhomwe okhaokha, makamaka pofuna kuti ana asamve.

Zinthu zinatembenuka Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo, atakhazikitsa Mulhako wa Alhomwe, umene umasonkhana ku Chonde mwezi wa Okutobala. Gule wa tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Manyazi aja anatha. Koma chinenero sichibwerera ndi chikondwerero cha tsiku limodzi pa chaka, ndipo ambiri ovala nsalu ya Mulhako amangodziwa moni.

Ndikufuna kudziwa mbiri ya banja lathu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mbali ya amayi, chifukwa kuno ndi komwe kuli munda ndi manda. Pitani kwa agogo aakazi kapena kwa amalume aakulu, eni mbumba, mutanyamula kashuga ndi sopo. Musawafunse kuti "Agogo, ndiuzeni mbiri yathu", adzangoseka n'kunena kuti anaiwala. Funsani zogwirika: munda uwu anatipatsa ndani? Amayi anu anaikidwa manda ati? Njala ya 49 inakupezani muli kuti, munkadya chiyani? Munavinidwa chaka chimodzi ndi yani? Akuluakulu sasunga zaka, amasunga zochitika, ndiye inu mudzagwirizanitsa nokha ndi zaka zili pamwambazi. Pemphani chilolezo musanajambule mawu awo pa foni.

Kenaka kaonaneni ndi amfumu, kudzera kwa amalume anuwo, osati nokha. Mabuku a ubatizo ndi maukwati ku tchalitchi amathandiza kwambiri. A Adventist ali ku Malamulo kuyambira 1902, ndipo mishoni ya Mulanje ya CCAP ndi maparishi a Katolika nawonso ali ndi makaundula akale. Mapepala a boma la atsamunda ali ku National Archives ku Zomba, ndipo zithunzi ndi mabuku akale mungazipeze ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Pofufuza yesani kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina limodzi. Makalaliki ankalemba mmene amvera, ndipo amuna ambiri ankalembetsa dzina lina ku esiteti, lina ku tchalitchi, linanso pa chitupa cha msonkho.